Geti Lachiwiri la ku Tavomera

Ku Tavomera, dziko la Mfumu Salakwa Yachiwiri, kuli lamulo lakale limene ngakhale ana a sukulu amaliloweza pamtima. Limati wamng'ono saloledwa kudziwa chinthu chimene mkulu wake sakuchidziwa. Musaganize kuti anthu akumeneko ndi ogona, ayi ndithu. Anapeza kale njira yawo. Kalaliki akafuna kuuza bwana wake kuti denga la ofesi likudontha, amagwada pakhomo n'kunena kuti, "Ndangobwera kudzakukumbutsani, bwana." Bwanayo amayang'ana kumwamba, dontho n'kumugwera pamphumi, iye n'kuyankha kuti, "Ndimadziwa kale." Zinthu zinkayenda choncho, ndipo madenga ena ankakonzedwa ndithu.

A Yotamu Kachingwe anakumbutsa mabwana asanu ndi atatu pa zaka makumi atatu ndi chimodzi zimene anagwira ntchito pa damu la mtsinje wa Ndadutsa. Damulo lili pamtunda, mzinda wa Zikomo uli m'munsi mwake, ndipo pansi penipeni pa mzindawo pali msika wa Kunsi. Kumsikako akazi awo, Nangondo, ankagulitsa tomato pa benchi lachitatu kuchokera pachigayo. Ntchito ya a Kachingwe inali imodzi yokha: madzi akachuluka, awatulutse asanadzitulutse okha.

Damulo lili ndi mageti awiri. Loyamba ndi Geti la Mfumu, limene amalipaka penti yagolide chaka ndi chaka, ndipo pamwamba pake pali chithunzi cha malemu bambo ake a Mfumu. Ngalande yake anayamba kuikumba pa tsiku la chikondwerero, gule atavinidwa, nduna zitalankhula, ndipo anailekeza tsiku lomwelo chakudya chitatha. Mpaka lero imathera kuseri kwa msika wa Kunsi, pamene amagulitsira usipa. Lachiwiri ndi geti lopanda dzina, ladzimbiri, limene alendo akamabwera amaliphimba ndi nsalu. Ngalande yake imakathira kudambo kopanda nyumba ya munthu. Pa zaka zonsezo a Kachingwe Geti la Mfumu ankalitsegula kampata kolowa dzanja basi, pojambulitsa. Madzi enieni ankadutsa pa geti ladzimbirilo, ndipo msika sunanyowepo.

Koma getilo linali ndi makhalidwe ake. Amisiri amene analiika analitembenuza, choncho gudumu lake limatsegula ukalipotoza mobwerera m'mbuyo. Komanso silisuntha usanalimenye katatu ndi hamala pa nati yakumanzere. Zimenezi sizinalembedwe m'buku lililonse. A Kachingwe anaziphunzira kwa mkulu amene anam'peza pa damupo, atakhala naye dzinja lathunthu, akuzizidwa limodzi, akutukwanidwa.

Chaka chawo chopuma pa ntchito chitakwana, ufumu unatumiza wodzalowa m'malo mwawo. Anali Mayi Chapola, mayi wa ana awiri, wophunzira za madzi ku koleji, wosalankhulalankhula. Tsiku loyamba anafika atavala jombo, ndipo a Kachingwe atangoona jombozo mtima wawo unakhala pansi. Anaganiza kuti akhala nawo dzinja limodzi monga anachitira iwo, akawasiyira damu m'manja, n'kupita kukapuma.

Mwezi womwewo Mfumu Salakwa inabwera kuchokera kumsonkhano wa kunja itakwiya. Kumeneko inamva kuti m'maiko otsogola nzeru za ntchito sazisiya m'mitu ya anthu, chifukwa anthu amakalamba n'kupita nazo kumudzi. Inaitanitsa nduna zonse kubwalo la kunyumba yachifumu.

"Tili ndi akuba m'dziko muno," inatero Mfumu. "Munthu amalowa ntchito mutu uli mbee. Ufumu umam'dzaza zaka makumi atatu. Kenako amatsanzika, timamupatsa wailesi, iye n'kutuluka pageti ndi mutu wonse. Kodi pali amene anasechapo mutu wa munthu pageti?"

Nduna zinavomera kuti palibe, ndipo zinawonjezera kuti zakhala zikudandaula ndi nkhani yomweyo kwa nthawi yaitali.

Tsiku lomwelo kunabadwa Unduna wa Zodziwa, ndipo anaupereka kwa a Nduna Gwadani, munthu amene maondo a mathalauza ake ankatha msanga kuposa nsapato. Kunabadwanso Nkhokwe ya Nzeru, bwalo la pa intaneti la antchito onse a ufumu. Wantchito aliyense anapatsidwa foni yovala m'khosi, imene inkamva zonse zimene mwini wake akulankhula. Tsiku lililonse munthu ankayenera kututira nzeru imodzi m'Nkhokwemo. Anzake akaiwerenga ankadina kachala koloza kumwamba, ndipo nzeru ya zala zambiri ndiyo inkakhala pamwamba, yoyenera kutsatidwa ndi onse. Ndime yachinayi ya lamulolo inati: "Aliyense wodziwa kanthu kokhudza ntchito ya ufumu, kaya akugwirabe kaya anapuma, saloledwa kukauza munthu wina pakamwa, ndi manja, kapena ndi maso. Nzeru yosadutsa m'Nkhokwe ndi katundu wozembetsa."

Woyamba kututira inali Mfumu yomwe. Inalemba kuti, "Mvula imagwa kuchokera kumwamba." Pofika masana nzeruyo inali ndi zala zikwi makumi asanu ndi limodzi, m'dziko la antchito zikwi makumi anayi. Ena anadinirako abale awo amene anatisiya. A Nduna Gwadani anatsatira: "Monga yanenera Mfumu, mvula imagwa kuchokera kumwamba, makamaka m'dzinja."

Kumsika wa Kunsi nkhaniyo inafika kudzera pa wailesi ya wometa tsitsi.

"Taonani nanu," anatero mayi wina wogulitsa makala. "Ife zaka zonsezi timafolera denga mongoganizira."

A Kachingwe okha sanaseke nawo. Kunena zoona, iwo Nkhokwe anailandira bwino. Anaganiza kuti ngati zimene akudziwa zingalembedwe pamalo amodzi, Mayi Chapola aziwerenga, ndipo wobwera pambuyo pa Mayi Chapola adzaziwerenganso, popanda wina kutukwanidwa. Anakhala pa khoma la damu masiku anayi akudina foni ndi chala chawo chachikulucho, chimene chinkagunda zilembo ziwiri nthawi imodzi. Analemba zinthu khumi, zisanu ndi ziwiri. Analemba za msomali umene anakhoma pa sitepe yachinayi, kuti madzi akaufika usadikirenso lamulo la munthu. Analemba kuti mtsinje ukabwera wofiira, utanyamula mapesi a chimanga ochokera kuphiri la Ndaona, watsala ndi maola awiri. Analemba za hamala, za nati, za gudumu lobwerera m'mbuyo. Pamwamba pa zonse analemba kuti Geti la Mfumu lisatsegulidwe, chifukwa madzi ake amakathera mumsika.

Apa ndi pamene lamulo latsopano linakumana ndi lakale. Popeza wamng'ono sangadziwe chimene mkulu wake sakuchidziwa, nzeru ya wantchito inkayamba yadutsa pa matebulo atatu kuti akuluakulu atsimikize kuti amaidziwa kale. Chimene sankachidziwa ankachifufuta, poti sichingakhale nzeru.

Pa tebulo loyamba, mkulu wa za madzi anafufuta hamala ndi nati. Iye anali asanamvepo kuti geti la boma limamenyedwa. Anafufutanso mapesi, ponena kuti amenewo ndi a Unduna wa Zaulimi. Pa tebulo lachiwiri, mlembi wamkulu anatsegula mafayilo n'kupeza kuti ngalande ya Geti la Mfumu inatha kukumbidwa kalekale, chithunzi cha mwambo wake chilipo, choncho nkhani ya msika anaichotsa. Pa tebulo lachitatu a Nduna Gwadani anapeza kuti kwatsala mzere umodzi wokha, ndipo mumzeremo geti ladzimbiri latchulidwa patsogolo pa la Mfumu. Anaukonza ndi dzanja lawo.

Lachisanu m'mawa foni ya a Kachingwe inalira m'khosi. M'Nkhokwe munali mawu akuti: "Monga akudziwa kale a Nduna Gwadani, madzi akachuluka timatsegula geti, kuyambira la Mfumu. Wakumbutsa ndi Y. Kachingwe." Pansi pake zala zinali zitafika kale zikwi zisanu ndi zinayi.

A Kachingwe anawerenga katatu. Kenako anavala jekete lawo lopitira kutchalitchi, n'kutsetsereka kupita ku Unduna. Anadikira pabenchi mpaka dzuwa litapendeka, ndipo atalowetsedwa anagwada pakhomo.

"Ndangobwera kudzakukumbutsani, bwana Nduna."

"Aa, a Kachingwe. Zala zikwi zisanu ndi zinayi. Mwaposa madokotala onse. Mundikumbutsa chiyani?"

"Kuti geti limene lalembedwa lija likatsegulidwa, msika wa Kunsi upita."

"Upita kuti?"

"Kumene madzi akupita, bwana."

A Nduna anatsamira mpando. "Zimenezo zili m'Nkhokwe?"

"Ndinazilemba, bwana. Zinagwa m'njira."

"Ndiye kuti sizinali zolimba. Tamverani, achikulire. Inu ndinu munthu mmodzi. Awa amene adina apawa ndi anthu zikwi zisanu ndi zinayi, ena a madigiri awiri. Mukufuna kundiuza kuti onsewa alakwa?"

"Sanafikepo pa damu, bwana."

"N'chifukwa chake maganizo awo ndi osakondera," anatero a Nduna, ndipo analiza belu kuti wotsatira alowe.

Masiku amene anatsala a Kachingwe anawathera pa damu ndi Mayi Chapola, aliyense foni ili m'khosi, msilikali wa Unduna ataima chapafupi kuyang'anira manja ndi maso. Ankakambirana za kutentha ndi za mitengo ya mango. Tsiku lina a Kachingwe analephera kupirira.

"Mayi, geti ladzimbirili..."

"Bambo Kachingwe," Mayi Chapola anawadula mofatsa, akugwira foni yawo. "Ndili ndi ana awiri, ndipo bambo awo kulibe. Chonde."

A Kachingwe sanawakwiyire, chifukwa anaona kuti mayiwo akuyang'ana getilo ndi maso anjala. Tsiku lotsanzika linafika mvula isanayambe n'komwe. Anapatsidwa wailesi, anabweza foni, ndipo pageti msilikali anawasecha m'matumba. Hamala anawalola kutuluka nayo. Inali yawoyawo, komanso m'Nkhokwe munalibe mawu onena kuti pa damu pamafunika hamala.

Kunyumba anasanduka munthu wovuta. Ankadzuka n'kuyang'ana kuphiri la Ndaona, kudya n'kuyang'ana kuphiri la Ndaona. Tsiku lina masana Nangondo akusankha tomato pakhonde, iwo anayamba kudandaula mokweza, monga amachitira mwamuna akaiwala kuti mkazi wake ali ndi makutu.

"Adzatsegula lagolide lija. Ndikukuuza iwe Nangondo, mtsinje ukadzangofiira n'kubwera ndi mapesi, pakatha maola awiri madzi adzalowera pa usipa, n'kudutsa pa benchi lako, n'kukatulukira kuchigayo. Lachiwiri lija ndiye loyenera, koma ndani angawauze?"

"Mwamaliza, bambo a Rute?" anafunsa Nangondo.

"Ndamaliza."

Nangondo anachotsa chala pa foni yawo yosweka galasi, imene inali pamwendo nthawi yonseyo. Mawu a amuna awo anali atapita kale.

Amayi a kumsika anali ndi gulu lawo la pafoni, lotchedwa Amayi a Kunsi, ngakhale munali abambo ambirimbiri olowa mozemba. Linalibe nduna, linalibe tebulo. Mmenemo ndi mmene munthu ankadziwira chipatala chimene chili ndi mankhwala sabata imeneyo, mlatho umene waduka, ndi nyumba imene yagwa maliro. Zala sankadina. Wina akaponya nkhani, mnzake ankafunsa kuti, "Mwaona nokha?" ndipo wachitatu ankatha kuyankha kuti, "Bodza limenelo, ine ndinali pomwepo." Mawu a a Kachingwe atalowa, mayi wa makala uja analemba kuti, "Awa ndi amuna a Nangondo, a kudamu. Samwa mowa." Panalibenso wina amene anafunsa.

"Wandiphetsa," anatero a Kachingwe atamva mawu awo akutuluka m'foni ya woyandikana nawo nyumba.

"Benchi ndi langa," anayankha Nangondo. "Inu mumafuna ndimve ndekha, anzanga akokoloke?"

Mvula inayamba bwinobwino, ndipo Disembala anadutsa popanda vuto. Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Januwale, kuphiri la Ndaona kunada kuyambira m'mawa. A Kachingwe anapita pamlatho cha m'ma teni koloko, n'kuona mtsinje uli psuu, mapesi akuvina pamwamba. Anathamangira kumsika, n'kungoima patsogolo pa benchi la akazi awo, akupuma mwabefu. Nangondo anawayang'ana kumaso, anatenga foni n'kulankhulamo mawu awiri: "Mapesi afika."

Ndakhala ndikuona misonkhano ya ufumu ikutha masiku atatu pokambirana mtundu wa makatani. Msika wa Kunsi unasamuka pa ola limodzi. Madengu pamutu, nkhuku m'khwapa, makina osokera pa wilibala, agogo ogulitsa fodya atabelekedwa kumsana. Malo okwera apafupi anali masitepe a Unduna wa Zodziwa, choncho anthu anakayala malonda awo pamenepo, usipa kumanja, tomato kumanzere.

A Kachingwe anakwera mtunda wa kudamu mvula ikuwamenya. Pampanda msilikali uja anawaimitsa, poti sanalinso wantchito. Anagwira waya wa mpandawo n'kusuzumira. Madzi anali atameza msomali wa pa sitepe yachinayi. A Nduna Gwadani anali ataima pa Geti la Mfumu, wina atawagwirira ambulera, wojambula zithunzi ali pambali. Koma Mayi Chapola sanali nawo pamenepo. Anali pa geti ladzimbiri, atachotsa nsalu ija, akulimbana ndi gudumu. Mawu a pakhonde aja anali atawafika nawonso, kudzera kwa alamu awo ogulitsa mandasi. Geti loyenera ankalidziwa. Za hamala ndi za kubwerera m'mbuyo sanazimve, chifukwa a Kachingwe podandaula paja sanazitchule. Ankapotoza gudumu monga linanenera buku la ku koleji, ndipo akamakoka ndi mphamvu zawo zonse ndi pamene ankalimangitsa.

"Mobwerera!" anakuwa a Kachingwe. "Menyani nati!"

Mkokomo wa madzi unameza mawuwo, ndipo msilikali anawatseka pakamwa ndi chikhatho, mwaulemu ndithu, akuwapepesa.

"Mayi Chapola," anaitana a Nduna, foni ili m'manja. "Nkhokwe ikuti kuyambira la Mfumu. Kodi simunadine nawo?"

Madzi anayamba kunyambita pamwamba pa khoma. Khomalo likanagumuka, sukanapita msika wokha, ukanapita mzinda wonse. Mayi Chapola anasiya gudumu, manja akuchucha magazi. Anayang'ana kumpanda, maso awo n'kukumana ndi a a Kachingwe. Kenako anapita pa Geti la Mfumu n'kulitsegula lonse. Linatseguka mosavuta, poti linkathiridwa girisi chaka chilichonse.

Madzi analowera pa usipa, anadutsa pa benchi lachitatu, n'kukatulukira kuchigayo. Pofika madzulo pamene panali msika panali matope ndi malata opindika. Benchi la Nangondo, limene a Kachingwe anakhoma okha chaka chimene Rute anabadwa, silinapezeke ngakhale mwendo umodzi. Munthu sanafe. Inafa mbuzi imodzi imene mwini wake sanali pa gulu.

M'mawa mwake Unduna unalengeza kuti Nkhokwe ya Nzeru yapulumutsa mzinda. Koma a Nduna pobwerera kuofesi anali ataponda usipa pa masitepe awo, ndipo funso linawavuta: anthu osaphunzirawa anadziwa bwanji? Sipanatenge nthawi kuti apeze yankho, chifukwa akazi a Ndunawo nawonso anali pa gulu la Amayi a Kunsi. Lachisanu a Kachingwe anaimikidwa pamaso pa Mfumu, pa mlandu wozembetsa nzeru za ufumu.

Bwalo linadzaza. Amsika anakhala kumbuyo, poti analibe kogulitsira. Mawu a pakhonde aja anaulutsidwa pa chimkuzamawu, mpaka pamene Nangondo akufunsa kuti, "Mwamaliza, bambo a Rute?" A Nduna analankhula ola lathunthu. Anati munthuyu ufumu unam'dzaza zaka makumi atatu ndi chimodzi, iye n'kutenga nzeru ya ufumu kukaimwaza pakati pa tomato.

"Uli ndi mawu?" inafunsa Mfumu.

A Kachingwe sanali munthu wochenjera pakamwa, ndipo zimene ananena sanazikonzekere. Anali atatopa, maondo akuwawa, akungofuna kuti nkhaniyo ithe.

"Mfumu, ngati ndaba, ndibweza. Ndingopempha andisonyeze pamene ndinachotsa nzeruyo m'Nkhokwe, kuti ndikaibwezere pomwepo."

Mfumu inaona kuti pempholo ndi labwino. Alembi atatu anayamba kufufuza m'mafoni awo. Anafufuza mapesi, sanapeze. Anafufuza msika, anapeza nzeru ya nduna ina yonena kuti kumsika kumagulitsidwa zinthu. Anafufuza dzina la Kachingwe, n'kupeza mzere umodzi uja wa zala zikwi zisanu ndi zinayi, ndipo mlembi wamkulu anauwerenga mokweza asanaganize.

Kumbuyo wina anatsokomola.

"A Gwadani," inatero Mfumu pang'onopang'ono. "Zakuti geti la bambo anga limathira mumsika, inu mumazidziwa?"

A Nduna anatsegula pakamwa kuti anene mawu amene anawanena moyo wawo wonse, akuti ndimadziwa kale, koma anawagwira ali pa lilime. Akati amadziwa, ndiye kuti anamiza msika dala, chithunzi chilipo, ambulera ili pamutu. Komanso chimene nduna ikudziwa Mfumu imachidziwa kale, ndiye kuti Mfumu nayo inamiza nawo. Akati samadziwa, ndiye kuti munthu wa pa damu, wa sitandade sikisi, anadziwa chinthu chimene nduna ndi Mfumu sankachidziwa, zimene sizinachitikepo chiyambire dziko la Tavomera. A Nduna anagwada. Pa zonse zimene akanachita, chimenecho chokha ndi chimene chinalibe mlandu.

Nduna zinakhala m'chipinda masiku atatu. Chigamulo chinatuluka Lolemba, ndipo Mfumu inachiwerenga yokha. Chimene sichili m'Nkhokwe si nzeru. Zimene ananena Kachingwe pakhonde pake sizili m'Nkhokwe, choncho si nzeru, ndi phokoso la munthu wokalamba. Amsika anasamuka mwangozi, ndipo madzi anawatsatira mwangozi. Munthu sangazembetse chimene alibe. Bwalo lapeza kuti Yotamu Kachingwe sadziwa kanthu kalikonse kokhudza ntchito ya ufumu, sanadziwepo, ndipo ndi womasuka.

Anawapatsa chikalata chake, cha chidindo chofiira, chosainidwa ndi Mfumu. Anachiikanso m'Nkhokwe, ndipo chinalandira zala zikwi makumi asanu.

Amsika anawaperekeza ndi nthungululu, koma a Kachingwe sanasangalale. Ndinene mosabisa, zinawapweteka kwambiri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi akudzuka ndi mvula, msika osanyowa ngakhale kamodzi, malipiro ake n'kukhala pepala lonena kuti mutu wawo ndi wopanda kanthu, anzawo ogwira nawo ntchito n'kudinapo chala. Atafika kunyumba anakhala pakhonde chikalatacho chili pamwendo, misozi ikutsika, osaipukuta. Nangondo anawasiya alire. Kenako anatenga pepalalo n'kulisomeka kudenga la khonde kuti mbuzi zingadye.

Ndipo dzinja linali lisanathe. Mvula yaikulu ya ku Tavomera imagwa mu Febuluwale. Amsika anali atayamba kale kukhoma mabenchi atsopano pamatope pomwe paja, chifukwa Unduna unawathamangitsa pa masitepe ndipo kwina kopita kunalibe. M'Nkhokwe mzere uja unali pamwambabe.

Lachitatu m'mawa Nangondo anayala tomato pa chiguduli pabwalo la nyumba. Wogula woyamba anafika atavala jombo, manja onse awiri atamangidwa mabandeji, foni ya ufumu ikulendewera m'khosi. A Kachingwe atawaona anadzidzimuka, n'kuloza foniyo ndi mlomo.

"Mwadzuka bwanji, bambo Kachingwe?" anatero Mayi Chapola, akukhala pa mpando umene Nangondo anawakokera.

"Tadzuka, mayi. Koma musadziike m'mavuto. Muli ndi ana awiri."

"Ndili nawo. N'chifukwa chake ndawerenga lamulo lija kawiri." Anakweza foni kufupi ndi pakamwa kuti imve bwino. "Ndime yachinayi ikuletsa munthu wodziwa kanthu. Ine ndabwera kudzagula tomato, komanso kudzacheza ndi munthu amene Mfumu yasaina ndi dzanja lake kuti sadziwa kanthu. Chikalata muli nacho, bambo?"

Nangondo anachisolola kudenga n'kuchiyala patsogolo pa foniyo, mbali ya chidindo.

A Kachingwe anayang'ana pepalalo. Anayang'ana mabandeji a mayiwo, n'kuyang'ana kuphiri la Ndaona, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana. Kenako analowa m'nyumba. Anamveka akusuntha zinthu kunsi kwa bedi, ndipo anatuluka ndi hamala ya mpini wakuda ndi thukuta. Anaiika mu dengu la Mayi Chapola, Nangondo n'kuthirapo tomato pamwamba.

"Muli ndi nthawi, mayi?" anafunsa a Kachingwe.

"Mpaka mtsinje utafiira."

"Ndiye khalani bwino, chifukwa zimene sindidziwa zilipo khumi, zisanu ndi ziwiri." Anakoka mpando wawo n'kuyandikira. "Choyamba ndi nati yakumanzere."